DZINA LIMODZI, MITOLO YOSIYANA

Pa Misa ya Lamulungu, m'maparishi athu ambiri, pamakhala mai wina amene malo ake ndi pafupi ndi khomo. Sadasankhe malowo pofuna kutuluka dalitso lomaliza lisanaperekedwe ai, koma chifukwa cha mwana wake. Mwanayo ngwa zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, thupi lake nlathanzi, koma salankhula. Ng'oma zikayamba kulira amatseka makutu ndi manja nayamba kukuwa, ndipo maiyo amamkoka kupita naye pansi pa mtengo. Akhristu amayang'anana. Ena amanong'ona kuti mwanayo adalodzedwa, ena ati atate ake adamkhwimira pofuna chuma, ena ati ngwosalangidwa chabe.

M'tchalitchi momwemo, kutsogolo, muli mnyamata wina wotumikira pa guwa. Amadziwa pamtima maina a Apapa motsatana, sachedwa ndipo salakwitsa kanthu. Koma sayang'ana munthu m'maso, alibe bwenzi, ndipo wansembe akasintha pang'ono dongosolo la mwambo, mnyamatayo amasokonezeka tsiku lonse. Ana awiriwa akadabadwira ku London kapena ku Boston, nkutheka kuti madokotala akadatchula vuto lao ndi dzina limodzi: autism. Nanga nkoyenera kuti ana osiyana chotere, wina woti adzadzidyetsa yekha ndi wina woti adzasowa womsambitsa moyo wake wonse, akhale pansi pa dzina limodzi?

Funso limeneli lautsa mkangano waukulu pakati pa madokotala, makolo ndi anthu eniake okhala ndi autism, makamaka ku America ndi ku Britain. Mwezi uno tifuna tiyeze mabuku awiri amene aima mbali ziwiri za mkanganowo. Loyamba ndi NeuroTribes, limene malemu Steve Silberman, mtolankhani wa ku America, adatulutsa mu 2015. Lachiwiri ndi The Age of Diagnosis, la mu 2025, lolembedwa ndi Suzanne O'Sullivan, dokotala wa matenda a ubongo wochokera ku Ireland amene amagwira ntchito ku London. Onse awiri ngolembedwa m'Chingerezi, ndipo tidziwa kuti ambiri mwa owerenga athu sadzawagwira m'manja. Komabe maganizo a m'mabuku otere amatipeza ndithu, kudzera pa wailesi ndi pa foni, kawirikawiri atadukaduka. Nchifukwa chake nkwabwino kuti tiwamve athunthu asanatisokoneze.

Tiyambe ndi kumvana za chinthucho. Autism si matenda opatsirana ndiponso si misala. Ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka anthu ambiri, kamene kamaonekera kawirikawiri mwana asanakwanitse zaka zitatu. Madokotala amayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuvutika pa kuyanjana ndi kumvana ndi anthu: mwana satembenuka akaitanidwa dzina lake ngakhale makutu ake ali bwino, saloza chinthu ndi chala kuti mai ake achione naye, sasewera masanje ndi anzake. Chachiwiri ndi kukakamira zinthu zimodzimodzi: kundandalika zitsekerero za mabotolo pamzere, kugwedezeka kapena kukupiza manja kosaleka, kukana chakudya chilichonse kupatula chimodzi, kuzunzika ndi phokoso limene ena sakulimva ngati kanthu. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula kumene kungasonyeze autism. Dokotala amaona khalidwe la mwana, namvetsera zimene makolo akusimba, kenaka aweruza. Apa mpamene pagona gwero la mkangano wonse, pakuti malire ake amaikidwa ndi anthu, ndipo malire oikidwa ndi anthu amatha kusunthidwa.

Buku loyamba: mbiri ya malire

Mphamvu ya buku la Silberman ili m'mbiri imene likusimba. Mu 1943 dokotala Leo Kanner wa pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore adalemba za ana 11 amene ankakhala ngati otsekeredwa m'dziko laokha. Chaka chotsatira, Hans Asperger wa ku Vienna adalemba za anyamata anai olankhula bwino, ena a iwo a nzeru zodabwitsa pa zinthu zina, koma osadziwa kukhala ndi anzao. Silberman akuti Asperger adaona kuti khalidweli nlofala ndipo limabwera m'miyeso yosiyanasiyana, pomwe Kanner adalipanikiza nalisandutsa chinthu chosowa kwambiri. Zolemba za Kanner zinali m'Chingerezi ndipo zidafala msanga. Za Asperger zinali m'Chijeremani, zidatuluka nkhondo ili mkati, ndipo maiko olankhula Chingerezi sadazilabadire kwa zaka zoposa 30.

Chimene chidatsatira nchomvetsa chisoni. Akatswiri ena adayamba kuphunzitsa kuti mwana amakhala chotero chifukwa mai wake ngwouma mtima, wozizira ngati firiji. Bruno Bettelheim adafalitsa chiphunzitsochi m'buku lake la mu 1967, ndipo amai ambiri osalakwa adasenza mlanduwo mpaka kumanda. Bernard Rimland, katswiri amene mwana wake yemwe anali ndi autism, anali atachitsutsa kale mu 1964, koma bodza silifa msanga. Mu 1977 Susan Folstein ndi Michael Rutter, pofufuza ana amapasa ku Britain, adasonyeza kuti gawo lalikulu la autism nlachibadwa, ndipo chibadwa si mlandu wa munthu, monga momwe kutalika kapena kufupika sikuli mlandu. Ife amene tamvapo mai akunenedwa kuti adaphwanya mwambo ali ndi pakati, kapena bambo akunenedwa kuti adakhwimira mwana wake, tisafulumire kuseka akatswiri aja. Mlandu wake ngumodzimodzi, wangosintha malaya.

Amene adafutukula malire ndi Lorna Wing, dokotala wa ku London, yemwe mwana wake wamkazi anali ndi autism yaikulu. Mu 1979 iye ndi Judith Gould adafufuza ana a m'dera la Camberwell. Adapeza kuti pambali pa ana ochepa ofanana ndi a Kanner, panali ena ambiri okhala ndi zizindikiro zomwezo m'miyeso yosiyana, amene vuto lao linalibe dzina. Mu 1981 Wing adaukitsa zolemba za Asperger. Kuchokera apo padakula ganizo lakuti autism ili ngati utawaleza, umene mitundu yake imalowana popanda mzere woilekanitsa, chimene m'Chingerezi amati spectrum. Buku lalikulu limene madokotala a ku America amatsata potchula matenda a maganizo, lotchedwa DSM, lidalandira dzina la Asperger mu 1994. Koma mu 2013 lidachotsa dzinalo pamodzi ndi maina ena nkuika onse pansi pa dzina limodzi, m'magawo atatu: ofuna chithandizo, ofuna chithandizo chambiri, ndi ofuna chithandizo chochuluka kwambiri.

Pa mbiri yonseyi Silberman akutolapo phunziro lomveka. Akuti anthu otere akhala alipo chiyambire, ndipo kuchuluka kwao masiku ano si mliri. Akuti dziko lataya chuma chambiri pofunafuna woyambitsa ndi mankhwala ochiza, pomwe anthu amoyo akusowa sukulu, ntchito ndi malo okhala. Akuphwanyanso bodza lakuti katemera wa chikuku amayambitsa autism, limene Andrew Wakefield adayambitsa mu 1998 ndi nkhani ya ana 12 okha. Magazini ya zachipatala ya The Lancet idaichotsa nkhaniyo mu 2010, ndipo mu 2019 kafukufuku wa ku Denmark wokhudza ana oposa 650,000 sadapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemerayo ndi autism. Pa zonsezi tikuvomerezana naye, ndipo tikupempha amai kuti asasiye kupita ndi ana ku katemera chifukwa cha mphekesera za pa foni.

Komabe bukuli lili ndi pofooka pake. Wolembayo amakonda kukhalitsa pa anthu aluso: Henry Cavendish ndi Paul Dirac, akatswiri a sayansi amene ena amawaganizira kuti anali ndi autism, akatswiri a makompyuta, ndiponso Temple Grandin, mai wotchuka pa luso la kusamala ng'ombe. Nzoona kuti mulinso mutu wonena za mnyamata wosowa chithandizo chambiri ndi banja lake. Koma wowerenga akatseka bukulo amakumbukira aluso aja, ndipo amatsala ndi maganizo akuti anthu a autism ngoyenera kulandiridwa chifukwa dziko lingapindule nao.

Maganizo amenewa ngoopsa, ndipo umboni wake uli m'moyo wa Asperger yemwe, amene bukuli lidamjambula ngati woteteza ana. Mu 2018 ofufuza mbiri Herwig Czech ndi Edith Sheffer adasonyeza kuti Asperger adathandiza kutumiza ana olumala kwambiri ku chipatala cha Am Spiegelgrund ku Vienna, kumene ana pafupifupi 800 adafa m'nthawi ya ulamuliro wa Nazi, ambiri mochita kuphedwa. Anyamata anzeru aja adawaikira kumbuyo ponena kuti angakhale othandiza m'dziko. Nanga osathandiza? Ulemu wa munthu ukayamba kuyezedwa ndi phindu lake, mwana wa pakhomo pa tchalitchi uja ndiye amayamba kutayidwa. Eklezia amaphunzitsa kuti munthu ngwaulemu chifukwa adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo chiphunzitsochi sichifunsa ngati munthuyo adziwa masamu.

Buku lachiwiri: kodi dzinalo lathandiza yani?

O'Sullivan akuyambira pa ziwerengero, ndipo nzodabwitsadi. Mu 1966 Victor Lotter, pofufuza ana a ku Middlesex ku England, adapeza ana 4 kapena 5 a autism mwa ana 10,000 alionse. Bungwe la zaumoyo la ku America la CDC lidapeza mwana mmodzi mwa ana 150 a zaka 8 mu 2000, mmodzi mwa 36 mu 2020, ndipo mmodzi mwa 31 mu 2022. Ku Britain, pakati pa 1998 ndi 2018, chiwerengero cha opezeka ndi autism chidawirikiza pafupifupi ka 9, ndipo mu 2024 anthu oposa 200,000 ku England anali pamzere kudikira kuti ayezedwe. Olemba onse awiri akuvomereza kuti chachikulu chimene chasintha ndi malire a dzinalo ndi kupenya kwa anthu. Asiyana pa funso lakuti ngati kufutukula kumeneku kwabala zipatso zabwino.

Buku la O'Sullivan likunena za matenda angapo, ndipo autism ndi gawo limodzi chabe. Muyeso wake ngumodzi ponseponse: dzina la matenda liyenera kuweruzidwa ndi ubwino umene labweretsa kwa amene walilandira. Akuda nkhawa ndi ana a kumapeto kopepuka kwa utawaleza uja. Mwana wamanyazi, wokonda kukhala yekha, wosachedwa kukhumudwa, akapatsidwa dzina la chipatala angayambe kudziona ngati wosatha kanthu, ndipo aphunzitsi ndi makolo angaleke kuyembekeza zambiri kwa iye. Akudandaulanso za ana a kumapeto kolemera, amene akuti akuiwalika. Amene amalankhula pa wailesi m'dzina la autism ndi amene amatha kulankhula. Mwana wosalankhula, wogwa khunyu, womenya mutu wake pakhoma, sapezeka pa msonkhano, ndipo mai wake ngwotopa kwambiri kwakuti sangalembe buku.

Funso lake nlabwino, ndipo tiyenera kumthokoza polifunsa mosaopa. Koma yankho lake likupeputsa masautso ena chifukwa chakuti saoneka. Mnyamata wotumikira pa guwa uja, ngakhale alankhule bwino, amasenza mtolo wake: kusekedwa kusukulu, kusungulumwa, kuchotsedwa ntchito chifukwa chosadziwa kulankhula ndi akuluakulu. Ofufuza apeza kuti anthu otere amagwidwa kwambiri ndi matenda a nkhawa ndi kutaya mtima, ndipo chiopsezo chodzipha nchachikulu pakati pao. Atsikana ambiri akhala akudutsa osazindikirika chifukwa amaphunzira kubisa vuto lao potsanzira anzao. Ndipo tisadzinamize kuti mwana amene sadapatsidwe dzina la chipatala amakhala wopanda dzina. Anthu amampatsa lao: wamwano, waulesi, wonyada, chitsiru. Maina amenewa amapweteka koposa autism, ndipo sabwera ndi chithandizo chilichonse.

Pali chinanso. M'maiko amenewo, kawirikawiri mwana amapeza msanga thandizo lapadera kusukulu ngati ali ndi kalata ya dokotala. Tsono makolo akathamangira kalatayo sitingawadzudzule. Cholakwika chili pa khomo limene limatseguka ndi kiyi mmodzi yekha. Mwana wovutika kuwerenga kapena wosapirira phokoso akadathandizidwa pa chosowa chakecho popanda kudikira dzina, mzere ukadafupika, ndipo madokotala akadapeza nthawi ya ana olemedwa kwambiri.

Kodi pakufunika dzina lina?

Mu December 2021 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi The Lancet, motsogoleredwa ndi Catherine Lord ndi Tony Charman, lidapereka ganizo lakuti pakhale mau akuti profound autism, ndiye kuti autism yozama. Mauwa ngonena za anthu a zaka 8 kapena kuposa apo amene amasowa munthu wamkulu pafupi usana ndi usiku, osalankhula kapena olankhula mau ochepa kwambiri, kapena amene nzeru zao zophunzirira zili pansi kwambiri. Kafukufuku wa CDC wa mu 2023 adapeza kuti mwa ana a autism amene adawawerenga, pafupifupi mmodzi mwa anai alionse ali m'gulu limeneli. Makolo ambiri a ana otere adakondwera, poona kuti tsopano mtolo wao watchulidwa. Koma anthu ena a autism adakana. Iwo akuti dzina lotere lingasanduke chidindo choti munthuyu palibe chake, akutinso kusalankhula si kusamva, ndipo zosowa za munthu zimasintha ndi zaka.

Chenjezo limeneli lili ndi maziko. Mwana woyamba pa ana 11 a Kanner anali Donald Triplett wa m'tauni yaing'ono ya Forest ku Mississippi, wobadwa mu 1933. Ali wamng'ono adamtumiza kukasungidwa ku nyumba ya boma, koma patapita pafupifupi chaka makolo ake adakamtenganso. Adakula, adaphunzira mpaka ku koleji, adagwira ntchito kubanki kwa zaka zambiri, ankayendetsa galimoto ndipo adayenda maiko ambiri. Adamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Amene adalemba za moyo wake akuti anthu a m'tauniyo ankamtenga ngati wao, namamteteza kwa alendo ofuna kumseka. Si ana onse amene adzayenda njira ya Triplett, ndipo kungakhale kunama kulonjeza makolo zotere. Koma palibenso dokotala amene angaone mwana wa zaka zitatu nanena motsimikiza kumene adzathere.

Maganizo athu ndi akuti mau osiyanitsawa ngofunika. Banja limene silidagone tulo tokwanira kwa zaka khumi liyenera kukhala ndi mau ofotokozera mtolo wake, kuti boma, sukulu ndi Mpingo zidziwe kukula kwa thandizo lofunika. Kunena kuti mitolo yonse njofanana nkusamvera chifundo wosenza wolemera. Koma mauwo ayeze mtolo, asayeze munthu. Asaperekedwe mwana akadali wamng'ono kwambiri, ndipo azionedwanso mwanayo akamakula. Silberman watikumbutsa kuti mwana wa autism ndi munthu wathunthu, koma wayang'ana pang'ono kulemera kwa mitolo ina. O'Sullivan waona kulemerako, koma wapeputsa mitolo yobisika. Aliyense wa iwo wagwira mwana mmodzi padzanja, winayo watsala m'mbuyo.

Nanga ife kuno?

Kale ena ankaganiza kuti autism ndi vuto la maiko olemera okha. Victor Lotter yemwe uja, mu 1978, adafalitsa zimene adapeza atayendera maiko 6 a mu Africa, kuphatikizapo Zambia, ndipo ana otere adawapeza. Alipo m'midzi mwathu ndi m'matauni mwathu, ambiri osayezedwapo nkamodzi komwe. Nchifukwa chake chenjezo la O'Sullivan tiyenera kulimva mosamala. Kuuza mai wa kumudzi kuti madokotala akupereka maina mopyola muyeso kuli ngati kuchenjeza munthu wa m'chaka cha njala za kuipa kwa kukhuta. Kwa iye dzina loona ndi chipulumutso. Limachotsa mlandu pa agogo okalamba amene amanenedwa ufiti, limaletsa banja kugulitsa mbuzi ndi munda poyendayenda kwa asing'anga, ndipo nthawi zina limapulumutsa ukwati.

Komabe funso la O'Sullivan litithandize pa chinthu chimodzi: tisamapereke dzinali tokha chifukwa cha zimene taona pa foni. Mwana wochedwa kulankhula angakhale wosamva. Wina adavulala ubongo pobadwa, wina adadwala malungo a mu ubongo, wina ali ndi khunyu losachizidwa, wina adanyentchera. Mavuto amenewa amafuna chithandizo chosiyana, ndipo ena mwa iwo ali ndi mankhwala. Safunsa adadya phula. Mwana akafika chaka chimodzi ndi theka kapena zaka ziwiri osatembenuka poitanidwa, osaloza, osanena liu, kapena akataya mau amene anali atayamba kunena, makolo anene zimenezi kusikelo, apemphe kuti makutu ake ayezedwe, ndiponso kuti atumizidwe kuchipatala chachikulu. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amagwira ntchito ya umoyo wa maganizo, ndipo koleji ya Montfort ku Nguludi imaphunzitsa aphunzitsi a ana a zosowa zapadera. Ogwira ntchito zotere ngochepa poyerekeza ndi ana owasowa, koma alipo.

Tinene poyera kuti palibe mankhwala ochiza autism, kaya a kuchipatala kaya a zitsamba, ndipo aliyense wolonjeza kuichotsa polandira ndalama, ngakhale atanyamula Baibulo, akudyera pa misozi ya makolo. Chimene chimathandiza nchapang'onopang'ono: kuphunzitsa mwana kupempha chinthu ndi chithunzi kapena ndi manja ngati mau akukana, kusunga dongosolo limodzi la tsiku, kumuuziratu chinthu chikati chisinthe, kusewera naye pa chimene iye akonda, kuchiza khunyu ngati lilipo. Ana otere ambiri amakonda kuchoka pakhomo mosalaira ndipo amakopeka ndi madzi, tsono zitsime zivundikiridwe ndipo oyandikana nao adziwe zomubweza akamuona akulunjika kumtsinje kapena kumseu. Kumanga mwana pamtengo kapena kumtsekera m'nyumba tsiku lonse ndi chizindikiro chakuti banjalo lasiyidwa lokha, ndipo mlandu wake sugwera banjalo lokha.

Malo ao m'Eklezia

Pamene ophunzira adafunsa Ambuye Yesu za munthu wobadwa wosaona, kuti adachimwa ndani pakati pa iye ndi makolo ake, Ambuye adakana mbali zonse ziwiri. Yankho limenelo, la pa mutu 9 wa Yohane, lidatseka mlandu umene ife timakonda kuutsegulanso ndi manong'onong'o athu. Mu November 2014 Papa Francis adakumana ku Vatican ndi anthu a autism pamodzi ndi mabanja ao, napempha kuti kusalidwa ndi kusungulumwa kwao kuthetsedwe. Pempho limenelo silingakwaniritsidwe ku Roma. Malo ake ndi mphakati wathu ndi kalasi lathu la katekisimu.

Makolo ambiri amaopa kufunsa ngati mwana wosalankhula angalandire Ukaristia. Mu 1910 Papa Pius X adaphunzitsa kuti mwana sayenera kudziwa chiphunzitso chonse asanalandire, koma kuti athe kusiyanitsa Mkate wa Ukaristia ndi mkate wamba. Kusiyanitsa kumeneku mwana angakusonyeze ndi manja, ndi kaimidwe kake kapena ndi kudekha kwake, ngakhale asanene liu. Papa Benedict XVI, m'kalata yake ya Sacramentum Caritatis ya mu 2007, adapempha kuti olumala m'nzeru obatizidwa ndi olimbitsidwa azipatsidwa Ukaristia pamene nkotheka, pakuti amalandira m'chikhulupiriro cha banja lao ndi cha Mpingo umene ukuwaperekeza. Tsono mphunzitsi wa katekisimu amene abweza mwana chaka ndi chaka chifukwa sadayankhe mafunso pamtima akuumitsa lamulo koposa Eklezia mwini wake. Makolo akambirane ndi bambo mfumu, ndipo papezeke njira yokonzekeretsa mwanayo payekha, mwa kubwerezabwereza ndi kumsonyeza, kufikira atazolowera.

Zina nzapafupi koposa apa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa mphakati wa mabanja makumi awiri sipangasowe amai atatu oti azisinthana kukhala ndi mwana uja pansi pa mtengo, kuti mai wake amve Mthenga Wabwino mpaka kumapeto ndi kulandira Ambuye mosathamanga. Mwana wotere amazolowera nkhope pang'onopang'ono, tsono akhale anthu omwewo sabata ndi sabata. A kwaya angamuuziretu maiyo nthawi imene ng'oma ziyambe. Achinyamata angamtenge mnyamata wa pa guwa uja popita ku mpira, ngakhale akalankhule za Apapa njira yonse. Ndipo pamene wina ayamba kunong'ona za ufiti, pakhale Mkhristu mmodzi wolimba mtima womuuza kuti nkhani imeneyo ithere pomwepo.

Akatswiri a ku London ndi ku Boston apitiriza kukangana za malire a dzinali, ndipo nkutheka kuti buku lao lalikulu lidzasinthanso monga lidasinthira mu 1994 ndi mu 2013. Ife tiwatsatire mwatcheru, titole chothandiza, ndipo pa dzina lililonse loperekedwa kwa mwana tizifunsa kuti lamtsegulira khomo liti. Koma ana awiri aja adalandira kale dzina lina aliyense pa tsiku la ubatizo wake, ndipo ambiri a ife sitilidziwa, chifukwa tidazolowera kungoti "mwana uja". Lamulungu likudzali, potuluka m'tchalitchi, tiime pakhomo, timpatse moni mai uja, ndipo timfunse dzina la mwana wake.